Ntchito ya gulu la amayi pa nthawi ya kampeni: mmene timachitira kuno ku Limbuli

Anthu akamva za gulu la amayi a chipani, chomwe chimawabwerera m'mutu ndi nsalu, nthungululu ndi kuvina kutsogolo kwa galimoto ya bwana. Zinayamba kale izi, nthawi ya mbumba za Kamuzu, ndipo mpaka lero andale ambiri amatikumbukira tsiku lomwe akufuna kuti bwalo lidzaze. Ifenso timavina, sitikana. Koma inu amene mukufuna kuyambitsa gulu m'mudzi mwanu, dziwani kuti mavoti sachokera pabwalo. Pamsonkhano pamabwera ana osafika zaka 18, anyamata a kabaza odzasaka makasitomala, ndi anthu a zipani zina odzangoonerera oimba. Mavoti amachokera pakhomo, ndipo amene amalowa pakhomo pa munthu mpaka kukhitchini popanda wofunsa kuti mwadzatani ndi ife amayi.

Ine ndine mlembi wa gulu lathu, m'midzi ya kufupi ndi Limbuli, kwa Mfumu Yaikulu Njema, m'boma la Mulanje. Chipani chathu sinditchula, chifukwa zomwe ndilembe pano zimagwira kwa aliyense, ngakhale kwa amayi omwe ali pambuyo pa munthu woima payekha.

Musadikire kuti bungwe loyendetsa zisankho la MEC litsegulire kampeni. Kampeni yovomerezeka ndi ya masiku 60 okha. Mu 2025 inayamba pa 14 Julaye n'kutha pa 14 Sepitembala m'mawa, kutatsala maola 48 kuti anthu ayambe kuponya voti. Gulu lomwe limayamba nthawi imeneyo limangokhala la nsalu. Yambani chaka cha chisankho chisanafike, kalembera asanayambe, ndipo gulu lisakule: amayi 10 kapena 15 kwa gulupu mmodzi akwana. Sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma. Msungichuma asakhale mkazi wa tcheyamani wa nthambi kapena m'bale wake wa shado (amene akupikisana nawo pa chisankho), ngakhale akhale wokhulupirika chotani, chifukwa tsiku lomwe ndalama idzaperewere palibe adzathe kumufunsa. Ndipo gululi musalilowetse mu banki mkhonde. Mu banki muli amayi a zipani zonse, ndipo mukangoyamba kuimbiramo nyimbo za chipani ngongole zimasiya kubwezedwa.

Kaonekereni kwa nyakwawa, muwauze kuti muziyenda m'mudzi mwawo. Basi pomwepo. Musawapemphe kuti akuthandizeni kukopa anthu, poti mafumu sayenera kutenga mbali. Mukamva wina wa chipani chanu akuopseza anthu kuti adzafufutidwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo kapena wa Mtukula Pakhomo, mudzudzuleni. Woopsezedwa amavomera pamaso, m'kachipinda koponyera voti n'kukachonga kwina.

Tsopano chida chenicheni cha gulu ndi kope. Gulani lachikuto cholimba, mulisunge m'jumbo chifukwa cha chiperoni. Kuno kwathu ukwati ndi wa chikamwini, choncho nyumba zimakhala m'magulumagulu: ya anganga pakati, za ana awo aakazi ndi akamwini mozungulira. Lembani motsata mbumba zomwezo, mbumba iliyonse tsamba lake. Mukatero mudziwa amene mawu ake amamveka pabanjapo, ndipo kawirikawiri si bambo wa nyumba yamalata ayi, koma anganga kapena mwinimbumba yemwe mwina amakhala mudzi wina. Pa dzina lililonse timalemba ngati munthuyo ali ndi chiphaso cha unzika, ngati analembetsa m'kaundula wa mavoti, sukulu yomwe analembetsera, ndi ngati adzafune womuperekeza tsiku loponya voti. Chipani chomwe akuchikonda sitilemba. Kope limagwa panjira, limawerengedwa ndi ana, ndipo mudzi wonse ungayambane chifukwa cha tsamba limodzi. Zimenezo mlembi amasunga m'mutu.

Nambala ya chiphaso cha munthu musalembe, ndipo kapepala kake ka kalembera musatenge, ngakhale mwini wake atanena kuti mumusungire. Kutolera ziphaso zovotera n'kuphwanya lamulo, komanso mbiri imathamanga yoti amayi aja akugula mavoti.

Kopeli limaonetsa zinthu zomwe pamsonkhano simungaone. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, mabanja ambiri a ku Muloza ndi m'mbali mwa mtsinje wa Ruo anataya zonse, ziphaso za unzika zomwe. Pa kalembera wa 2024 munthu ankafunika umboni wa ku NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, kuti alembetse, ndiye ntchito yathu yaikulu chaka chimenecho inali kufufuza omwe alibe, kuwauza tsiku lomwe a NRB akubwera, ndi kuperekeza okalamba. Palinso anzathu othyola tiyi m'maesiteti. Tiyi amachuluka nthawi ya mvula, ndipo chilimwe chikafika aganyu ambiri amaimitsidwa n'kubwerera kwawo, ena ku Phalombe, ena ku Thyolo. Munthu analembetsa pasukulu ya pafupi ndi esiteti, koma pofika Sepitembala ali kutali. A MEC amapereka nthawi yosamutsa dzina kupita kumalo ena oponyera voti, koma ndi masiku ochepa ndipo amene alibe wailesi imamupitirira. Chimodzimodzi ageni ndi olima kutsidya ku Milange: akumbutseni kukadali sabata kuti tsikulo asawoloke. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu wokulonjezani voti koma dzina lake lili kusukulu ya ku Luchenza musamuwerengere.

Poyenda khomo ndi khomo muziyenda awiriawiri, ndipo ulendo woyamba valani chitenje wamba. M'mawa musavutike, anthu ali kudimba kapena kokathyola nandolo. Nthawi yabwino ndi itatha nkhomaliro, pomwe amayi akhala pamkeka. Mukapeza akusola nandolo, khalani pansi musole nawo, nkhani iyambire pa mtengo womwe mavenda akugulira pamsika. Za chisankho zibwera zokha, ndipo zimabwera ndi mkwiyo. Anganga ena anatilandira motere:

"Ana inu, munabwera 2019, munabweranso 2020. Mjigo uja mwauona? Ukadali wakufa. Lero mwabwera ndi bodza lanji?"

Mnzanga amene ndinali naye sanatsutse. Anati, "Zoona anganga, tauona. Madzi mukutunga kuti panopa?"

"Kumtsinje, ngati ng'ombe."

"Tilembe zimenezi tikawauze eni ake. Chomwe akayankhe, chabwino kapena choipa, tidzakuuzani Lachinayi."

Lachinayi lakelo n'lofunika kuposa zonse zomwe mwalankhula. Bwererani ngakhale yankho likhale loti palibe ndalama. Munthu amakhululuka mukamuuza kuti zakanika, koma mukasowa amadziwa kuti munabwerera voti basi. Kumapeto kwa kope timasiya masamba a madandaulo otere, ndipo pakatha masabata awiri wapampando amakawawerenga pamaso pa amene tikumuimira kumbuyo. Akamakana kukhala pansi kumva, gulu lidzifunse ngati munthuyo ndi woyenera kumuthera nsapato.

Musalonjeze zomwe si zanu. Mabokosi a maliro, fizi, malata, zonsezi zimadzakugwerani inuyo chifukwa bwana akapita ku Lilongwe otsala m'mudzi ndinu. Dziwaninso kusiyanitsa maudindo: phungu amapanga malamulo ndi kuvomereza bajeti ku Nyumba ya Malamulo, khansala ndiye amakhala kukhonsolo pa nkhani za chitukuko cha wodi. Za 50+1 anthu amasokoneza kwambiri. Lamulo loti wopambana apose theka la mavoti onse ndi la mpando wa pulezidenti wokha; phungu ndi khansala amapambana ngakhale ndi voti imodzi pamwamba pa mnzake.

Musanatsanzike, phunzitsani kuchonga. Jambulani mabokosi papepala, mupereke cholembera kwa mwini nyumba ayese yekha. Chizindikiro chikhale chimodzi, m'bokosi limodzi, kaya kuchonga kaya kudinda chala, ndipo mapepala ndi atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Alipo okalamba omwe amachonga amene akumufuna kenako n'kukhwatcha amene akudana naye, voti n'kuwonongeka.

Kumaliro pitani ngati anansi. Tungani madzi, phikani, gonani pasiwa, koma nsalu ya chipani isiyeni kunyumba. Chipepeso cha gulu chiperekedwe mwakachetechete.

Za ndalama ndi nsalu ndi zomwe zimapha magulu ambiri. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ndipo chilango chake chimafika K10 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu. Nsalu, matisheti ndi zipewa za chipani n'zololedwa, kubwezera anthu ndalama yoyendera pa msonkhano n'kololedwanso. Koma wina akakupatsani maenvulopu kapena sopo kuti mukagawe usiku, kanani, poti wogwidwa nazo m'manja ndinu. Nsalu zikabwera, ziwerengedwe pamaso pa onse, mlembi alembe, wolandira asayine kapena adinde chala. Ife tinagwirizana kuti oyamba kulandira ndi omwe amayenda m'makomo, osati omwe amaoneka tsiku la msonkhano lokha. Panali kung'ung'udza, koma kunatha. Mukaitanidwa kumsonkhano wa kutali, monga kuboma kapena ku Chitakale, funsani za galimoto yobwerera musanakwere yopitira, ndipo lole yodzaza mpaka m'mbali musakwere ndi ana kumbuyo. Zoti amayi asiyidwa pabwalo dzuwa litalowa, mabwana atapita, si zachilendo.

Mukafuna kuchititsa msonkhano wanuwanu, akuluakulu a chipani alembe kalata kwa bwanamkubwa, ina ipite kupolisi. Pasukulu ana ali m'kalasi, papolisi, ndi pamalo a ntchito nthawi ya ntchito, kampeni ndi yoletsedwa, choncho anzathu a m'maesiteti tiziwapeza kunyumba ataweruka. Pakabuka mkangano ndi chipani china, monga kulimbirana bwalo kapena kuzulirana mbendera, musatume anyamata. Kuboma kuli komiti ya zipani zonse yomwe imamva madandaulo otere, nkhani ipite kumeneko.

Pa nyimbo ndili ndi mawu, ndipo ena sagwirizana nane. Nyimbo zotukwana ife tinaziletsa, makamaka zonyoza mayi amene akupikisana nawo, ngakhale akhale wa chipani china. Dziko lino linalamulidwapo ndi mayi Joyce Banda kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo mu 2025 mayi Jane Ansah anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti, koma mayi akangoti aime pa ukhansala kumudzi kuno amafunsidwabe kuti mwamuna wake ali kuti. Chowawa n'chakuti oimba nyimbo yomutcha hule amakhala amayi anzake. Nyimbo yomweyo idzaimbidwa tsiku lomwe mmodzi wa ife adzaime.

Kampeni ikatsekedwa, vulani nsalu, nyimbo zithe. Chotsala ndi kukumbutsana nthawi. Kale malo oponyera voti ankatsekedwa 6 koloko madzulo, koma mu 2025 anatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko, ndipo amene anazolowera kuyamba wapita kudimba ndi kumsika ayenera kuuzidwa mobwerezabwereza. Tsegulani kope muone omwe munawalemba kuti adzafuna thandizo. Okalamba, amayi oyembekezera ndi anthu aulumali saima pamzere wautali, amawalowetsa patsogolo, ndipo munthu wosaona ali ndi ufulu wobwera ndi amene amamukhulupirira kuti amuthandize. Inu perekezani mpaka pamalopo, koma za chipani musatchule. Amayi awiri atsale m'mudzi ndi ana a anzawo, avote ena akabwerako.

Limbikirani kuti pa mamonita a chipani pakhale amayi a m'gulu lanu, chifukwa ndinu mukudziwa nkhope za anthu a m'deralo. Sankhani odziwa kuwerenga ndi masamu, osati wodziwa kuyambitsa nyimbo. Monita atenge chiphaso chake cha MEC, zolembera ziwiri, tochi, juzi, ndi foni yodzaza moto ndi mayunitsi. Chakudya gulu limuphikire n'kumupititsira, kuti asachoke kapena kudalira mbale ya anthu a chipani china. Kuwerenga kumafika usiku, kuzizira kwa m'phiri kutatsika, ndipo apa ndi pomwe ambiri amatopa n'kusayina kuti azipita. Asasayine pepala lopanda manambala. Aonetsetse kuti mavoti a onse opikisana, kuphatikiza owonongeka, akufanana ndi chiwerengero cha omwe avota. Akaona pofufutidwa afunse, ndipo dandaulo lake lilembedwe pomwepo. Akasayina alandire pepala lake la zotsatira, alijambule pafoni asanatuluke. Tonse tikukumbuka za Tippex, utoto wofufutira zolemba uja, wa chisankho cha pulezidenti cha 21 Meyi 2019, chomwe khoti linathetsa pa 3 Febuluwale 2020. Mlandu umenewo unayenda ndi mapepala a zotsatira ochokera m'malo oponyera voti ngati sukulu yathuyi.

Zotsatira zikatuluka, kaya mwapambana kaya mwagwa, kope lisatayidwe. Masamba a madandaulo aja apite ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, VDC ndi ADC, ndipo makomiti amenewa akamasankhidwa ikanimo amayi anu. Mudzakhalanso mutaona kale mayi amene anthu amamutsegulira khomo mosavuta, amene anganga aja amamufunsa akapanda kubwera. Ameneyo yambani kumukonzekeretsa za chisankho cha chipulula cha ukhansala. Mu 2025 amayi ankalipira theka la ndalama yolembetsera ku MEC, K100,000 pa ukhansala pomwe abambo ankalipira K200,000. Pofika 2030 idzakhala itakwera, choncho msungichuma atsegule tsamba lake la zopereka za mwezi ndi mwezi kuyambira panopa.