Mmene mungapangire kangolo ka m'mbali kolola njinga yamoto kupendekeka

Kangolo ka m'mbali, kamene ambiri amakadziwa ndi dzina loti sidecar, kakamangidwa mouma ku njinga yamoto kamailanda khalidwe lake, chifukwa njingayo imaleka kupendekeka pokhota ndipo woyendetsa amayamba kulimbana ndi mahandulo ngati akukhotetsa ngolo ya ng'ombe. Amisiri anayamba kalekale kufunafuna njira yothetsera vutoli. Mu 1913, Hugo Young wa ku Loudonville m'boma la Ohio ku America anayamba kupanga tingolo timene tayala lake linkapendekeka limodzi ndi njinga, ndipo kampani yake, imene inadzatchedwa Flxible, pambuyo pake inatchuka ndi mabasi. Njira imene ndikufotokoza pano ndi ina, yofanana ndi ya makampani a Armec ku Switzerland ndi Kalich ku Germany: njinga ndiyo imapendekeka, kangolo kamatsala chilili.

Ntchito yonse yagona pa mfundo ziwiri zolumikizira kangolo ku njinga, zimene zimakhala kunsi kwa njinga. Mfundozi ndi ma rod end, zitsulo zokhala ndi mpira wobowoka kumutu umene umatembenukira mbali iliyonse, ndipo ndi bwino kugula zazikulu, za M16 kapena M20 (za ulusi wa mamilimita 16 kapena 20), pamodzi ndi mabawuti olimba olembedwa 8.8 pamutu pake. Zonse ziwiri ziyenera kukhala pakatikati penipeni pa njinga, pamzere wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kukafika pakati pa lakumbuyo, ina kutsogolo kwa injini, ina cha kumbuyo kwake. Musaziwotcherere pa felemu ya njinga. Pangani kafelemu kena komangapo mfundozi, ka mapaipi ochindikala mamilimita 3, kodutsa pansi pa injini, ndipo mukamange ndi mabawuti pamalo olimba kale monga pamene pamangidwa injini ndi pamene pakhala sitandi yapakati. Kutentha kwa welding kumafooketsa paipi yopyapyala ya felemu, ndipo mng'alu wake umabisala pansi pa utoto mpaka tsiku limene idzathyoke.

Mfundo yakutsogolo iyenera kukhala pamwamba pang'ono kuposa yakumbuyo, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poganiza kuti kulinganiza ndiye luso. Tiyerekeze kuti yakutsogolo ili pa masentimita 20 kuchokera pansi, yakumbuyo pa 15, ndipo zatalikirana masentimita 70. Njinga ikapendekeka madigiri 30, yakutsogolo imasunthira mbali imeneyo ndi masentimita 10 pamene yakumbuyo imasuntha ndi 7.5 okha. Kusiyana kwa masentimita 2.5 kumeneku kumatembenuza kangolo konse ndi madigiri pafupifupi 2 kuloza kumene njinga ikukhotera, kaya ndi kumanzere kaya ndi kumanja, kotero tayala lake limatsatira khona m'malo mokhula msewu. Mukazisinthanitsa, yakumbuyo n'kukhala pamwamba, kangolo kadzakana khona iliyonse. Zitsitseni monga mungathere, koma mosamala kuti zisamagunde mahampu ndi miyala. Pamisewu yafumbi ineyo ndingalolere kuzikweza pang'ono kusiyana ndi kuziswa pachitsa.

Felemu ya kangolo si yovuta. Ndi bokosi lathyathyathya la mapaipi amakona anayi, lokhala ndi mikono iwiri yoloza pansi pa njinga kukakumana ndi mfundo zija, ndipo pakati pa mikonoyo pamafunika chitsulo chopingasa kuti isapindike pogwira mabuleki. Tayala likhale ndi mkono wake wogwedera ndi shokabu yake. Za kumbuyo kwa njinga yaing'ono yakale zimagwira ntchito bwino. Ekiselo ya tayala la kangolo ikhale kutsogolo kwa ekiselo yakumbuyo ya njinga ndi masentimita 25 kapena 30.

Musanawotcherere chilichonse mpaka kumaliza, yesani mpata. Chogwirira cha handulo chili pamtunda wa pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, ndiye kuti pa madigiri 30 chimasunthira kumbali ndi theka la mita, pamene kangolo kamangosuntha ndi masentimita osapitirira 10. Gwirizani zitsulo ndi timadontho ta welding, pangani thupi la kangolo ndi makatoni, munthu akhale panjinga, ndipo anzanu awiri aipendeketse pang'onopang'ono. Yang'anani handulo, bondo, chopondera phazi ndi ekizozi. Katoni ikakhwinyata, italikitseni mikono kapena mutsitse thupi la kangolo, podziwa kuti malo amene katoniyo yakhwinyata ndi pamene mwendo wa munthu ukanapanikizika. Ichi n'chifukwa chake kangolo kotere kamakhala kotalikirako ndi njinga kuposa kouma.

Kumene magalimoto amayenda kumanzere, monga ku Malawi, Zambia ndi South Africa, kangolo kamayenera kumanzere kuti wokwera akhale kutali ndi magalimoto obwera. Ku Britain kuika kangolo kumanzere ndi lamulo pa njinga zolembetsedwa kuyambira pa 1 Ogasiti 1981. Kumanzereko n'kumenenso kuli sitandi yam'mbali, choncho siyani malo oti izitambasuka pakati pa mikono iwiri ija, pakuti njingayi imagwabe ikaima popanda choichirikiza. Ikani nyali ndi indiketa kumapeto kwa kangolo, ndipo mufunse ku ofesi ya Road Traffic musanalowe nayo mumsewu. Njinga za 125cc ndi 150cc zimene akabaza amayendetsa zili ndi felemu ndi mabuleki opepuka, motero kangolo kake kakhale ka katundu wochepa, osati ka munthu.

Pomaliza kumanga, imikani njinga chilili woyendetsa ali pampando, gonekani thabwa lowongoka motsamira matayala a njinga ndi lina motsamira tayala la kangolo, kenako muyeze mpata wa pakati pa matabwawo kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo kuchepe ndi sentimita imodzi. Ulusi wa ma rod end ndiwo wosinthira, ndipo mukakhutira mumange manati otsekera.

Kayeseni pabwalo lopanda anthu, muli ndi thumba la mchenga la makilogalamu 30 lomangidwa bwino m'kangolo. Mudzamva njinga ikukokera kumanzere powonjezera moto ndi kukankhidwira kumanja pogwira mabuleki, ndipo dzanja liyenera kuzolowera zimenezi liwiro lisanakwere. Mukayenda makilomita 50 oyamba, mangitsaninso mabawuti onse, pukutani fumbi pa mipira ya mfundo zija ndi kupakamo girizi, ndipo muunike ndi tochi m'mbali mwa paliponse powotcherera ngati pali kamzere ka dzimbiri.