Kujambula ndi kuumba ndi mwana wa otizimu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje

Mwana akafika chaka ndi theka osatembenuka mukamuitana dzina, osaloza chala kukuonetsani mbuzi kapena galimoto, kapena akafika zaka 2 osalumikiza mawu awiri, pitani naye kuchipatala. Ayambe amuyeza makutu, chifukwa mafinya a m'khutu ndi malungo aakulu zimathanso kuchedwetsa kulankhula. Chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje chingakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati pakufunika. Zizindikiro zimenezi zingakhale za otizimu. Otizimu ndi mmene ubongo wa mwanayo unakulira. Sanalodzedwe, makolo ake sanakhwimire chuma, ndipo katemera sayambitsa vutoli.

Kujambula ndi kuumba sikuchiritsa otizimu. Ntchito yake ndi kupatsa mwana njira yopemphera, yosankhira ndi yodikirira mnzake pamene mawu akumuvuta. Mukamayembekezera chithunzi chokongola mudzakhumudwa pachabe.

Zipangizo zambiri zili pakhomo. Dongo akatenge ndi wamkulu, mwana asapite kumtsinje: m'Shire muli ng'ona, ndipo madzi odikha m'madambo amapatsa likodzo. Liyanikeni padzuwa liume gwa, lisinjeni, lisefeni kuchotsa timiyala ndi minga, kenaka mulikande ndi madzi a pamjigo mpaka lileke kumata m'manja. Utoto pangani chonchi: theka la kapu ya fulawa m'makapu 2 a madzi ozizira, takasani zibuma zithe, muphike pamoto wochepa mphindi 5 mpaka ukhale ngati phala la mwana. Ukazizira ugaweni m'zikamba za malambe. Wachikasu thirani chikasu pang'ono, wofiira madzi a chidede, wakuda makala osinja. Ndi kutentha kwa kuno utotowu umasasa msanga, choncho pangani wa tsiku limodzi basi. Chojambulapo chikhale katoni yong'amba. Mapepala a matumba a simenti asiyeni, fumbi lake limawotcha khungu ndi maso.

Nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, m'mawa isanakwane 9 koloko kapena dzuwa litapendeka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana amene thupi lake limamva zinthu mopitirira sangakhazikike masana. Yalani mphasa yomweyo pamthunzi womwewo, kutali ndi chigayo ndi wailesi. Ana ena asaunjikane kudzaonerera. Yambani ndi mphindi 5 zokha, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka 15.

Khalani pambali pake, osati maso ndi maso, ndipo musamukakamize kukuyang'anani. Masiku oyamba ntchito yanu ndi kumutsanzira. Akalemba mzere, lembani mzere pa katoni yanu. Akamenya dongo, menyani lanu. Ana ambiri akaona kuti wamkulu akuchita zomwe iwo akuchita amaima n'kusuzumira, ndipo kusuzumirako ndiye poyambira. Zikatero muonetseni zinthu ziwiri zokha, khala lojambulira kudzanja ili, dongo kudzanja linalo, mudikire masekondi 10 muli chete. Masekondi 10 amatalika kwa kholo, ambiri amafulumira kufunsanso kawiri katatu, mwana n'kusokonezeka. Akayang'ana, akaloza kapena akakoka dzanja lanu, wayankha. Mpatseni pomwepo mukutchula dzina la chinthucho kamodzi: "dongo". Dongolo muzimupatsa pang'onopang'ono, kachidutswa ngati dzira la nkhunda, kuti akhale ndi chifukwa chopemphera lina.

Mawu akhale ochepa ndi osasintha: "ine", "iwe", "lina", "zatha". Ngati pakhomo mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja, gwiritsani chomwecho, bola amayi, agogo ndi achemwali ake azitchula mofanana. Pomaliza nenani "zatha" n'kuvundikira zipangizo ndi lichero. Kulanda zinthu mwadzidzidzi ndiko kumabweretsa kulira ndi kudzigwetsa pansi.

Ana ena safuna n'komwe kukhudza chonyowa. Musagwire dzanja lake n'kuliviika, mudzangomudanitsa ndi mphasayo. Mpatseni kamtengo kokulunga thonje kunsonga, kapena thirani utoto m'kajumbo koonekera, mumange, azisindikiza ndi chala ali pafupi nanu. Ena amaika chilichonse m'kamwa. Kwa otere siyani dongo ndi makala, mutsale ndi utoto wophika wa chidede, ndipo nthanga za masau, mikanda ndi timiyala zisakhale pafupi. Mwana wodya dothi kawirikawiri akayezedwe magazi ndi njoka za m'mimba. Akamaima duu maso ali gwa osamva kuitana, kapena akamagwa n'kumaphupha, nenani kuchipatala, poti khunyu imapezeka kwambiri mwa ana a otizimu kuposa mwa anzawo.

Nanga wojambula chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, kaya njinga ya kabaza kaya mathirakitala onyamula nzimbe ku Nchalo? Musamuletse. Lowani momwemo: iye tayala, inu tayala linalo, mawa muwonjezere munthu wokwera. Akakana munthuyo, fufutani, mudzayesenso sabata yamawa.

Akazolowera zithunzi, dulani makadi a katoni aakulu ngati chikhatho, mujambule kapu, mbale ndi chimbudzi. Atatu akwana poyamba. Muzimuonetsa khadi nthawi iliyonse chinthucho chikamachitika, mpaka ayambe kulibweretsa yekha. Kwa mabanja a m'malo osefukira madzi, monga anaonera ndi namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, jambulaninso makadi a ulendo: nyumba, bwato, sukulu, mphasa yogonera. Muziwayala motsatana mvula isanayambe, muwasunge m'jumbo limodzi ndi buku lake la kuchipatala ndi makala awiri atatu.

Pa katoni iliyonse lembani deti ndi zomwe mwana anachita, monga "waloza yekha" kapena "wakhala mphindi 8". Mukapita kukamulembetsa sukulu, funsani ngati pali mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mwa aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, mumuonetse makatoniwo pamodzi ndi makadi amene mwanayo amawadziwa kale.