Fayilo ikakanidwa, musathamangire kuzimitsa SELinux

Anzanga osamalira maseva a Linux kuno ku Kasungu, ndikutsineni khutu. Ndinalemba kapulogalamu koika malipoti a alimi a fodya pa webusaiti, seva yake ya Rocky Linux. Mafayilo analipo, zilolezo za chmod zili bwinobwino, koma Apache, pulogalamu yoonetsa webusaitiyo, n'kumangoyankha 403, kutanthauza kuti yakana kupereka fayilo. Masana onse anathera pomwepo, nsima mpaka kuzizira.

Vuto linali chizindikiro cha SELinux, chitetezo cha mu Linux chimene chimayang'ana chizindikiro cha fayilo chisanalole pulogalamu kuigwira. Kapulogalamuko kankapangira fayilo mu /tmp, kenako n'kuisamutsa ndi mv. Fayilo yosamutsidwa imapita ndi chizindikiro chake chakale, pomwe yatsopano yokopedwa ndi cp imatenga cha foda imene yafikiramo. Lembani ls -Z muone nokha: yanga inali user_tmp_t m'malo mwa httpd_sys_content_t imene Apache imaloledwa kuwerenga.

Ambiri amangomenya setenforce 0 kuti SELinux isiye kukana chilichonse, basi. Kumeneko n'kuzula chitseko chifukwa kiyi wavuta. Nayo chcon, yosinthira chizindikiro pamanja, ndi yongopepetsa: restorecon, yokonza zizindikiro motsatira malamulo a makinawo, ikadutsa chizindikiro chimabwerera mwakale. Lembetsani lamulo la fodayo ndi semanage fcontext, kenako restorecon -Rv.

M'pulogalamu yanu gwiritsani ntchito libselinux, laibulale ya SELinux. Fayilo yomwe ilipo kale, setfilecon imaisintha chizindikiro. Koma ine ndimakonda setfscreatecon: mumaiitana musanapange fayilo, ndiye imabadwa ndi chizindikiro choyenera, popanda kamphindi kokhala ndi cholakwika. Mukatha, muiitanenso ndi NULL, apo ayi mafayilo otsatira atengera chomwecho. Chizindikirocho musachilembe pamtima m'kodi, funsani selabel_lookup ikuuzeni chimene malamulo a makinawo akufuna.

Zikakanikabe, ausearch -m avc ikuwonetsani chimene chakanidwa.