Momwe mungazolowerere kugona kawiri pa tsiku

Mayi wokazinga mandasi ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu amadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti pofika 6 akhale ali pa depoti. Mlonda wa ku Luwinga ndi namwino wa usiku nawonso tulo tawo sitibwera pakamodzi. Ngati inunso ntchito ikukukakamizani kugawa tulo, nkhani yaikulu ndi iyi: gawani, koma musachepetse.

Yambani ndi kuwerengera. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo pa maola 24. Pa intaneti mupeza ndondomeko yotchedwa Uberman, yogona mphindi 20 kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kutanthauza maola 2 okha, komanso ya Everyman, ya maola 3 usiku ndi timatulo titatu masana. Zisiyeni zimenezo. Mu 2021 akatswiri a bungwe la National Sleep Foundation ku America ataunika kafukufuku amene analipo, sanapeze umboni woti ndondomeko zoterezi n'zothandiza, ndipo anati anthu asazitsatire. Chotheka kwa ambiri ndi kugona kawiri: maola 6 usiku ndi ola limodzi ndi theka masana.

Kenako sankhani nthawi yodzukira ndipo muisunge, Lamlungu lomwe.

Sabata yoyamba musakhudze tulo ta usiku. Ingowonjezerani ta masana, pakati pa 1 ndi 3 koloko, pomwe thupi limafooka lokha mukatha nsima. Masiku oyamba mudzangogona chagada n'kumamvetsera njinga zamoto zikudutsa, tulo osabwera. Palibe vuto, khalani pomwepo maso otseka mpaka alamu ilire. Kutalika kwa tulo ta masanati ndiye kofunika kusamala. Tulo timayenda mozungulira, ndipo mzungulo umodzi umatenga mphindi pafupifupi 90. Mukagona mphindi 20 mumadzuka musanalowe m'tulo tofa nato. Mukagona 90 mumadzuka mzungulo utatha. Koma mukadzuka pa mphindi 45 kapena ola, mutu umalemera ngati mwasenza thumba la chimanga, ndipo theka la ola limatha musakudziwa chochita.

Tulo ta masana tikayamba kubwera tokha, mpamene muyambe kudula ta usiku, mphindi 15 zokha, n'kudikira masiku atatu kapena anayi musanadulenso. Wogona maola 7 ndi theka adzafika pa maola 6 pakatha pafupifupi masabata atatu. Ofulumira ambiri amagwera apa.

Khofi wathu wa kuno ndi wabwino, palibe angatsutse, koma theka la caffeine, chinthu cha mu khofi chomwe chimathawitsa tulo, limakhala likadali m'magazi pakatha maola pafupifupi 5. Imwani m'mawa mukangodzuka basi. Tiyi wamasamba nayenso ali nayo, choncho kapu ya 4 koloko ija isanduke madzi otentha a ndimu.

Malo ogona masana akhale amdima. Chitenje chokhuthala pawindo kapena kansalu kumaso n'kokwanira, foni muiike pomwe simungaifikire muli chigonere. M'miyezi ya June ndi July, Mzuzu ikazizira, onjezerani bulangete, osati kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Pomaliza, dziyang'anireni. Mukayamba kusinza pamsonkhano, kuiwala pomwe mwaika makiyi, kapena kupsa mtima ndi zazing'ono, bwezerani mphindi 15 zomwe munadula komaliza ndipo mukhale pamenepo sabata yathunthu. M'masabata osinthirawa musagwire chiwongolero pa ulendo wautali ngati wodutsa ku Chikangawa kapena kutsika Chiweta, ndipo akabaza asanyamule munthu akumva maso kulemera. Ana asukulu asayese n'komwe. Amayi oyembekezera, odwala khunyu ndi omwe akumwa mankhwala a matenda a maganizo ayambe aonana ndi dokotala asanasinthe kagonedwe kawo.