Momwe mungasakire nyama muli pa nsanja yokwera nayo mumtengo

Alenje ambiri a ku United States, makamaka m'madera a nkhalango monga Georgia, Alabama ndi Pennsylvania, amadikirira nyama ali m'mwamba pa nsanja yachitsulo yomwe amaitcha climbing tree stand. Nyama yomwe amaifuna kwambiri ndi gwape wa mchira woyera, amene amanunkhiza munthu ali patali. Nsanjayi ili ndi zigawo ziwiri, chokhalapo ndi chopondapo, ndipo chilichonse chili ndi chingwe chachitsulo chozungulira thunthu komanso mano oluma khungwa. Mlenje amakweza chokhalapo, n'kuchitsamira, kenako n'kukoka chopondapo ndi mapazi, kubwerezabwereza mpaka atafika mamita 5 kapena 6. Zambiri zomwe alenje amadandaula nazo ali m'mwambamo zimachokera pa zimene analephera kukonza akadali pansi.

Yambani ndi kusankha mtengo masana, tsiku losaka lisanafike, chifukwa kufunafuna mtengo ndi tochi m'bandakucha kumangothamangitsa nyama. Mtengowo ukhale wamoyo, wowongoka, wopanda nthambi m'munsi, ndipo thunthu lake likhale la masentimita pakati pa 20 ndi 50 m'mimba mwake, monga momwe nsanja zambiri zimafunira. Mitengo ya oak ndi paini imagwirika bwino, pamene ya khungwa losalala ngati beech, kapena la makoko osendeka ngati shagbark hickory, imaterereka, makamaka ikanyowa. Musanadule nthambi, werengani malamulo a malowo, pakuti m'nkhalango zambiri za boma kudula n'koletsedwa.

Chachiwiri, chomwe chimasautsa kwambiri oyamba kumene, ndi kakolekedwe ka nsanja pamtengo. Mtengo umanka nuchepa ukamapita m'mwamba, choncho chopondapo chimene mwachikoleka chili chathyathyathya pansi chidzakhala chitaweramira kutsogolo mukadzafika pamwamba, ndipo mudzatha maola ambiri zala za kumapazi zikukanikizika kunsonga kwa nsapato, mawondo akunjenjemera. Pokoleka, fupikitsani chingwe kuti kutsogolo kwa zigawo zonse ziwiri kuloze m'mwamba pang'ono. Mukaona kuti mwalakwitsa muyeso, tsikani mukakonzere pansi. Musayerekeze kumasula chingwe cha chopondapo muli m'malere.

Mukatero, lumikizani zigawo ziwirizo ndi chingwe chachifupi. Chikapanda chingwechi, chopondapo chikhoza kupulumuka kumapazi n'kutsetsereka mpaka patsinde, inu n'kutsala pa mpando miyendo ili lendelende, popanda njira yotsikira.

Valani lamba wa thupi lonse, wogwira mapewa, chifuwa ndi ntchafu, ndipo mum'mangirire kumtengo phazi lisanachoke pansi, n'kumakweza chomangiracho pang'onopang'ono pamene mukukwera. Apa ndikunenetsa, chifukwa kugwa pa nsanja ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimavulaza alenje kwambiri m'dzikolo, ndipo ngozi zambiri zimachitika pokwera ndi potsika, nthawi imene ena amaona ngati lamba akuwachedwetsa. Mukakhala pa mpando, chomangiracho chikhale pamwamba pa mutu ndiponso chokungika. Sungani m'thumba lofikirika kalamba kopondera, koti mukagwa n'kulendewera muzitha kuimirirapo, pakuti kulendewera nthawi yaitali kumaunjika magazi m'miyendo mpaka munthu kukomoka. Uzaninso wina kunyumba malo a mtengo wanu ndi nthawi yobwerera.

Mfuti kapena uta musakwere nazo m'manja. Mangani kuchingwe chachitali, mfuti itachotsedwa zipolopolo ndipo kamwa lake litaloza pansi, n'kuikoka mutakhazikika kale.

Phokoso nalo limawawitsa mtima. Nsanja ya aluminiyamu monga Summit Viper imalemera pafupifupi makilogalamu 9, ndipo zigawo zake zikamagundana kumsana zimamveka kutali m'nkhalango ya zii. Zimangeni zolimba pozinyamula, kulungani tepi pamalo pomwe zitsulo zimakhudzana, ndipo kwerani modekha, mukupumira. Kufulumira kumabweretsanso thukuta, lomwe m'mwezi wa Novembala, agwape akamayendayenda kufuna zazikazi, limazizira pathupi n'kukutsitsani nthawi isanakwane. Jekete lochindikala liikeni m'chikwama, mukalivale pamwamba osamasula lamba.

Musanakoleke nsanja, onani mphepo. Khalani kumene mphepo ikuwomba kuchokera ku njira ya nyama kubwera kwa inu, ndipo ngati n'kotheka kumbuyo kwanu kukhale mitengo ina yobisa thupi lanu, chifukwa munthu wokhala pa thunthu loima lokha amaonekera patali. Potsika, tsitsani kaye mfuti itachotsedwa zipolopolo, kenako tsikani pang'onopang'ono monga munakwerera, ndipo lamba mum'masule mapazi onse awiri ataponda dothi.