Momwe mungalosere mpikisano wa Test osachita manyazi pamtsutso

Okonda kiriketi kuno ku Chigwa cha Shire sitili ambiri, koma tilipo: ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje boma. Ena anaikonda ali ku Joni, ena anangoipeza pa SuperSport tsiku lomwe kunalibe mpira wa miyendo. Vuto lathu ndi lakuti mpikisano wa Test ukayandikira timangotchula dzina la timu ndi katswiri mmodzi, basi talosera. Test imatenga masiku mpaka 5, timu iliyonse imamenya kawiri, ndipo zambiri zogamula masewero zimaoneka mpira woyamba usanaponyedwe. Malawi amasewera T20, kiriketi yaifupi yotha tsiku limodzi, sali m'gulu la mayiko 12 a Test, ndiye palibe chotikakamiza kulosera ndi mtima wokonda kwathu.

1. Yambani ndi bwalo, matimu pambuyo

Funso loyamba ndi lakuti akusewerera kuti. Pichi ya Test, malo apakati pa bwalo pomwe mpira umaponyedwa, siikonzedwanso masewero akayamba, imangokalamba tsiku ndi tsiku. Amene anaonapo dothi la makande ku Ngabu mu Okutobala, momwe limang'ambikira dzuwa likalipsa, wamvetsa kale zomwe zimachitika ku India kapena ku Galle, Sri Lanka, pofika tsiku lachinayi. Mpira ukagwera m'ming'alu umakhota mosayembekezeka, ndipo oponya a spin, aja oponya mpira mouzungulitsa, amakolola. Kumeneko timu yomwe yayamba kumenya imakhala ndi mwayi, chifukwa yomenya komaliza imapeza pichi itatha.

Ku Perth, Australia, ndi ku Centurion, South Africa, nkhani ndi ina. Mpira umanjanja kufika pachifuwa, ndipo oponya mwaliwiro ndiwo amalamula. Ku England mitambo ikakuta, mpira umapinda uli m'malere.

Mpirawonso umasiyana. Ku England amagwiritsa ntchito wa Dukes, womwe msoko wake umakhalitsa ndipo umapitiriza kupinda ngakhale wakalamba. Ku Australia ndi South Africa ndi wa Kookaburra, woopsa ukakhala watsopano koma wofewa msanga. Ku India ndi wa SG. Watsopano umaloledwa pakatha maova 80 (ova imodzi ndi mipira 6 yoponyedwa). Choncho woponya amene anazunza anthu ku Leeds, England, akhoza kukhala munthu wamba ku Adelaide, Australia, masana dzuwa lili pamutu.

Kuti muone mphamvu ya pichi, kumbukirani Newlands ku Cape Town mu Januwale 2024. South Africa inathera pa ma run (mapointi a omenya) 55 nkhomaliro isanakwane, mawiketi 23 anagwa tsiku loyamba lokha (wiketi imagwa womenya akatulutsidwa), ndipo India inapambana tsiku lachiwiri. Masewero onse anatenga mipira 642, Test yaifupi kuposa zonse zomwe zinakhala ndi wopambana. Amene analosera poyang'ana mayina a omenya okha anagwa chagada.

2. Werengani oponya anayi

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mu Test simupambana chifukwa chomenya ma run ambiri okha. Pafupifupi nthawi zonse muyenera kutulutsa adani anu kawiri, ndiye kuti mawiketi 20. Tengani pepala, lembani oponya anayi oyamba a timu iliyonse, kenako dzifunseni ngati angatenge mawiketi 20 pa bwalo lomwe mwaliona lija. Woponya wachitatu ndi wachinayi ndi amene ine ndimawayang'anitsitsa, chifukwa katswiri sangaponye tsiku lonse. Patsiku pamayenera kuponyedwa maova 90, ndipo wina ayenera kugwira ntchito masana katswiri akupuma.

Fainolo ya World Test Championship, mpikisano wa dziko lonse wa Test, pomwe South Africa inagonjetsa Australia ku Lord's, London, mu Juni 2025, anthu amaikumbukira chifukwa cha ma run 136 a Aiden Markram komanso Temba Bavuma kumenya akutsimphina. Koma woponya wa South Africa Kagiso Rabada anatenga mawiketi 9 m'masewerowo, ndipo popanda iye chiwerengero chomwe South Africa inathamangitsa, 282, chikanakhala chachikulu kuposa apo.

Mpikisano ukakhala wa ma Test 5, monga Ashes ya England ndi Australia, onaninso amene ali pabenchi. Oponya mwaliwiro amavulala, ndipo si kawirikawiri kuti onse amalize.

3. Mwini bwalo mpatseni ulemu, koma osamugwadira

Ngati mulibe chifukwa china, loserani eni bwalo. India inapambana mipikisano 18 yotsatizana pakwawo kuchokera 2013, ndipo alendo ankangopita kukalandira chikwapu. Koma mu 2024 New Zealand inakaipha 3-0 komweko. Nayo India inali isanapambanepo mpikisano ku Australia mpaka 2018-19, kenako inabwereza mu 2020-21 ili ndi osewera ambiri ovulala. Mbiri ya zaka 20 zapitazo isakunamizeni. Onani ma Test omwe timuyo yasewera chaka chathachi, makamaka pa mapichi ofanana ndi omwe ikupitako.

4. Siyirani mvula malo

Ife a kuchigwa sitifunika kuuzidwa zomwe mvula imachita ndi mapulani a munthu. Masiku 5 akatha popanda timu yomaliza ntchito, masewero amathera m'kulepherana ngakhale wina anali patsogolo kutali. Mu Ashes ya 2023 England inali itaipanikiza Australia ku Old Trafford, Manchester, mvula inadya tsiku lonse lomaliza, ndipo mpikisano unathera 2-2. Popeza Australia ndiyo inali ndi chikho kale, inabwerera nacho. Lamulo limeneli ambiri amaliiwala: mu Ashes, mpikisano ukathera pofanana, mwini chikho sachitaya. Ndiye musanalembe 5-0 kapena 3-0, onani mwezi ndi mzinda. Manchester ndi Durban ndi malo omwe mvula kapena kuchepa kwa kuwala kumadula masewero kawirikawiri.

5. Lembani ulosi, wina asunge

Mtsutso wa pakamwa pokha sutha, chifukwa aliyense amadzati ananena kale. Sankhani munthu mmodzi wosunga kope, kapena aliyense atumize pa gulu la WhatsApp. Nthawi yotsekera ikhale mayina a osewera atalengezedwa koma makaputeni asanaponye ndalama yosankhira woyamba pa Test yoyamba. Aliyense alembe zinthu zitatu: zotsatira zenizeni za mpikisano, monga 2-1, woponya amene atenge mawiketi ambiri, ndi womenya amene apeze ma run ambiri. Kungoti "Australia iwina" sikokwanira, aliyense angathe kunena zimenezo. Mukhoza kupereka mapointi 5 kwa wolondola zotsatira zenizeni, 2 kwa wongolondola wopambana, ndi 3 pa wosewera aliyense. Za ndalama ine ndimati zisalowepo. Woluza agule thobwa kapena chambiko, chibale chisathe.

6. Gwirizanani za nthawi

Ma Test a ku South Africa ndi a ku Zimbabwe ndi osavuta, nthawi yawo ndi yathu yomwe. A ku England amayamba 12 koloko masana kuno, nthawi yomwe kutentha kwatithamangitsira kale pamthunzi. A ku India ambiri amayamba 6 koloko m'mawa. Ovuta ndi a ku Australia: Test ya pa 26 Disembala ku Melbourne imayamba cha m'ma 1:30 usiku kuno. Magetsi akathima kapena bandulo ikachepa, webusaiti ya ESPNcricinfo imalemba mpira uliwonse m'mawu, ndipo sizidya data ngati kanema. Mmodzi adzipereke kutumiza chidule cha tsiku, ena akadzuka apeze poyambira.

7. Potsutsana, funsani m'malo mokuwa

Munthu akabwera ndi phokoso lakuti timu yake ili ndi womenya woopsa, musakweze mawu. Ingomufunsani kuti, "Achimwene, tamva, koma mawiketi 20 awatenga ndani?" Akakhala wamkulu kwa inu, "Bambo, pa bwalo limenelo anyamata anuwo anapambanapo liti?" Nthawi zambiri mtsutso umafika pa mfundo pomwepo, ndipo amene wabwera ndi mayina okha amayamba kuyang'ana pafoni.

Ikaninso lamulo lakuti palibe wonyoza mnzake tsiku loyamba kapena lachiwiri. Ku Kolkata mu 2001 India inatsalira kwambiri moti Australia inaiuza kuti imenyenso nthawi yomweyo. VVS Laxman anamenya 281, Rahul Dravid 180, awiriwo anakhala tsiku lonse lachinayi osatuluka, ndipo India inapambana ndi ma run 171. Ku Headingley, Leeds, mu Ashes ya 2019 England inathera pa 67 pomenya koyamba, koma inathamangitsa 359 n'kupambana itatsala ndi wiketi imodzi, Ben Stokes ali pa 135. Wosunga kope alitseke mpaka Test yomaliza itatha, ndipo aliyense wofuna kusintha ulosi pakati pa mpikisano achotseredwe mapointi 2.