Jambulani galafu ya zivomezi pa kompyuta ndi Notepad basi

Kuno ku Salima tili m'chigwa cha Rift Valley, chomwe chija chinasunga madzi a nyanja yathuyi, choncho nthaka imagwedezeka nthawi ndi nthawi. Akuluakulu amakumbukirabe chivomezi cha pa 10 Marichi 1989, chimene chinafika pa 6.3, chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona. Ngati ndinu mphunzitsi wa Geography, kapena mukufuna kuonetsa anzanu kukula kwa zivomezi m'malo mongowawerengera manambala, galafu ya timizati ndiyo yosavuta. Simufunika kugula pulogalamu iliyonse. Anyamata ena a pa msika adzakuuzani kuti popanda pulogalamu yawo yokopera palibe chimene mungachite. Musawapatse ndalama, zambiri mwa izo zimabwera ndi mavairasi.

Yambani ndi manambala. Bungwe la USGS la ku America limasunga mndandanda wa zivomezi za dziko lonse, ndipo ndi waulere. Pa tsamba lawo lofufuzira mumasankha zaka, kukula kwa chivomezi, n'kujambula bokosi pa mapu kuzungulira Malawi, kenako n'kutsitsa fayilo ya CSV, yomwe ndi mndandanda wa zivomezizo m'mizere. Ikani kuti ziyambire pa 5 kupita m'mwamba, apo ayi mizere idzachuluka. Bokosilo limakokeranso za ku Tanzania ndi Mozambique, ndiye muzichotse nokha. Fayiloyi ndi yaing'ono, bandulo ya tsiku limodzi ya TNM kapena Airtel imakwana n'kutsalako. Dziwaninso kuti nthawi yawo ndi ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi yathu. Chivomezi chachikulu cha ku Karonga iwo anachilemba pa 19 Disembala 2009, koma anthu a ku Karonga chinawadzutsa pa 20, pakati pa usiku patadutsa.

Ine ndinatenga zinayi: cha Salima cha 6.3, ndi zitatu za ku Karonga za mu Disembala 2009, za 5.8, 5.9 ndi 6.0. Tsegulani Notepad, pulogalamu yolembera ya mu Windows, mulembe code iyi, imene browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome) idzaisandutse galafu:

<style>
.mzati {background: brown; color: white; height: 26px; margin: 6px 0;}
</style>
<p>Salima, 10 Marichi 1989</p>
<div class="mzati" style="width: 63%">6.3</div>

Mizere ya pamwambayo ikunena mtundu ndi kunenepa kwa mzati, ya pansiyo ndiyo mzati weniweniwo. Kutalika kwake ndi nambala ya chivomezi kuchulukitsa ndi 10. Koperani mizere iwiri yomalizayo katatu, musinthe dzina ndi manambala.

Pamene pali msampha ndi apa. Ndanena Notepad, osati Word, ndipo ndikutanthauza zimenezo. Nthawi ina magetsi atazima kwathu ndinapita pa kafe ina pa tauni pano, mnyamata wa pamenepo n'kunditsegulira Word, akuti ndi chimodzimodzi. Nditatsegula fayilo mu browser munangoima manambala anayi akuda, mzati panalibe ngakhale umodzi. Ndinawerenga mzere uliwonse, zilembo zonse zinali m'malo mwake. Vuto linali pa timizere tiwiri tija (") timene timatsekera mawu akuti mzati ndi width. Word imatipinda kuti tioneke bwino, pamene browser imazindikira toongoka tokha. Tikakhala topindika, browser siidandaula, siikuuzani kuti palakwika, imangosiya lamulolo osalitsata. Kiyibodi za mafoni ena zimachitanso zomwezi, ndiye wina akakutumizirani code pa foni, fufutani timizere tonse mutilembenso mu Notepad. Kukoperako sikutiwongola. Posunga fayilo, pa Save as type sankhani All Files ndipo dzina lithere ndi .html, monga zivomezi.html. Mukaiwala zimenezi mwina idzakhala zivomezi.html.txt, ndipo mukaidina izingotsegukanso mu Notepad momwemo.

Mizati ikaoneka mudzaona kuti yonse inayi ndi yotalika pafupifupi mofanana: 58, 59, 60, 63. Mwana wa Fomu 2 akayang'ana adzati zivomezi zonsezi zinali zofanana, zomwe si zoona. Muyeso wa zivomezi sukwera ngati sikelo ya chimanga. Nambala ikakwera ndi 1, mphamvu yotuluka m'nthaka imachuluka pafupifupi ka 32. Choncho cha 6.3 chinatulutsa mphamvu yoposa ya cha 6.0 pafupifupi katatu, ndipo chinaposa cha 5.8 koposa kasanu. Ine ndimaona kuti galafu ya manambala okhaokhayo imanamiza maso, ndiye ndimaika ina yachiwiri pansi pake yosonyeza mphamvu. Cha Salima mupatse width ya 100%, cha 6.0 mupatse 35%, cha 5.9 mupatse 25%, ndipo cha 5.8 mupatse 18%. Mukafuna kuwerengera zina nokha, chotsani nambala yaing'ono ku yaikulu, chulukitsani ndi 1.5, kenako dinani batani la 10 ku mphamvu ya x pa kalikuleta ya sayansi, n'kugawa 100 ndi yankholo. Musayese kuikapo cha ku Turkey cha 2023, cha 7.8, pa galafu yachiwiriyi: mzati wa Salima sudzafika ngakhale 1%.

Zotsala ndi zokongoletsa. Mutu wa galafu muulembe pakati pa <h2> ndi </h2>, pansi mulembe kuti manambala achokera ku USGS. Mukafuna mitundu yosiyana ya Karonga ndi Salima, onjezerani background ina mu style ya mzatiwo. Mizati yoimirira imathekanso, koma imafuna lamulo lina la mu style lotchedwa flex, ndipo yogonayi imakwana bwino pa foni.

Fayiloyo imatseguka popanda intaneti. Isungeni pa flash, koma osati zotchipa zija zolembedwa 64GB zimene amagulitsa pa depoti, zimameza mafayilo. Kuti musindikize dinani Ctrl ndi P, muchonge pa Background graphics, chifukwa mukapanda kutero mizati siituluka pa pepala.